Tchana wa ku Ngwerere: zolemba za nthawi yobzala, nyengo ndi mbozi

Gulu lathu ndi la mabanja a ku Mtendere ndi ku Kalingalinga mu mzinda wa Lusaka, ambirife kwathu ku Katete, Chadiza ndi Chipata. Tinabwereka munda ku Ngwerere, ndipo cholembera anandipatsa ine. Chilala cha 2024, chija Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatisiyira mapesi okhaokha. Kuyambira pamenepo takhala tikufuna mbewu yosamwa madzi ambiri, yoti tizilima chimanga chikachoka m'munda. Maganizo a tchana anabwera ndi agogo ena a m'gulu mwathu, amene anabadwira ku Phalombe ku Malawi n'kudzakwatiwa kuno. Kwawoko amamubzala mvula ikamatha, amakula ndi chinyezi chotsalira m'nthaka, ndipo kumaderako kumagwa kamvula ka chiperoni. Kuno chiperoni kulibe, koma tili ndi chitsime ndi pampu ya sola.

Funso lathu chaka chino ndi limodzi: tchana akabzalidwa liti kuno ndiye amazemba mbozi yoboola makoko? Mbozi yake ndi ija akatswiri amati Helicoverpa armigera, yomweyo imene imaboola thonje, tomato, nandolo, therere ndi nsonga za chimanga chachiwisi. Lima imodzi (kota ya hekitala) taigawa patatu. Mbewu ndi imodzi, tchana wamng'ono wofiirira wa mtundu wa desi, ndipo mabzalidwe ndi amodzi: masentimita 30 pakati pa mizere, masentimita 10 pakati pa mapando. Chosiyana ndi tsiku lobzala basi. M'gawo lililonse tasiya mizere ingapo yoti isadzalawe mankhwala zivute zitani.

Kumapeto kwa Malichi

Tabzala gawo loyamba. Dothi likadali lonyowa moti sitinathirire. Amalume, amene ndi wapampando wathu, anabwera ndi paketi ya inoculant yotsala ku soya kuti tisakanize ku mbewu. Alangizi anawaletsa. Akuti tizilombo timene timapanga timatuza ta chonde pa mizu ya soya si timene timagwirizana ndi tchana, iye ali ndi take. Paketi inabwerera m'thumba.

Patangopita masiku ochepa kunagwa mvula yamphamvu, madzi n'kudikha kumunsi kwa gawoli. Tchana sakondwa ndi madzi odikha. Kumeneko mbewu zina zinaola zisanamere, zina zinamera n'kufota mizu itada. Agogo anangoti, “Walira mvula walira matope, mwanawe. Ukabzala molawirira uzikweza mizere.” Tinakumba kangalande. Zinaonekanso mbozi zija zimadula mbewu patsinde usiku, masana n'kubisala m'dothi. Tinazifukula ndi timitengo pafupi ndi mbewu zodulidwazo, ndipo sizinapitirire.

Epulo

Gawo loyamba labiriwira, ndipo alendo athu, mbozi zoboola makoko zija, afika kale. Timawerenga motere: mlungu uliwonse m'mawa timasankha malo angapo, pamalo aliwonse timayala thumba loyera m'mbali mwa mzere kutalika mita imodzi, n'kugwedezera mbewu pathumbapo. Zogwa timaziwerenga, zing'onozing'ono pazokha, zikuluzikulu pazokha. Tinaimikanso misampha iwiri yokhala ndi kamphira ka fungo la gulugufe wamkazi, kokopa amuna. Misamphayi siteteza munda, imangotiuza kuti agulugufe a usiku achuluka kapena achepa. Mabuku amati misampha 5 ndi yokwanira hekitala yonse, ndiye iwiri pa lima ndi yambiri ndithu.

Mwezi uno misampha ikugwira kwambiri. N'zosadabwitsa, chifukwa dzinja lonse mboziyi yakhala ikuswana m'chimanga ndi mu mpendadzuwa wa anzathu oyandikana nawo. Zimenezo zikuuma tsopano, ndipo chobiriwira chatsala ndi tchana wathu ndi tomato wa tsidya la mtsinje. Timbozi tating'ono tikupala masamba, kusiya timabala toyera. Amalume anafuna kupopera tsiku lomwelo. Ine ndinakana, alangizi anandivomereza: tchana akadyedwa masamba asanachite maluwa amaphukanso. Kutaya mankhwala pa masamba n'kudzasowa ogulira nthawi ya makoko si nzeru.

Ena m'gulu ankati iyi ndi mbozi ija inavuta m'chimanga kuyambira kumapeto kwa 2016. Ayi. Ya m'chimanga ija ili ndi chizindikiro cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda cha kumchira. Yathuyi ili ndi mzere wotuwa m'mbali monse ndi tiubweya totalikirana, ndipo mtundu wake sudalirika: ina yobiriwira, ina yofiirira, ina yachikasu, zonse mzere umodzi.

Chinthu china chimene aliyense wolowa m'mundamu amadabwa nacho ndi kuwawasa kwa tchana. Ukalowa mame asanaume, buluku limanyowa ndi timadzi tomata, ndipo ngati uli ndi kachilonda pachala umakamva kakuyabwa. Mwana wa alamu anga ananyambita tsamba, nkhope n'kukwinyika yonse. Masamba, mapesi ndi makoko zili ndi tiubweya totulutsa asidi, makamaka malic acid ndi oxalic acid. Asidi ameneyu amathamangitsa tizilombo tambiri, nchifukwa chake tchana alibe adani ochuluka ngati nyemba kapena khobwe. Koma mbozi yathuyi imapirira. Choipa n'chakuti timavu ting'onoting'ono totchedwa Trichogramma, timene m'mbewu zina timaikira m'mazira a mboziyi n'kuwapha, pa tchana timalephera kuyenda, timakodwa m'timadzi tomwe tija. Ndiye kuti mbozi imadya yokha, mdani wake wamkulu wa mazira atatsekeredwa kunja.

Kumapeto kwa mwezi tabzala gawo lachiwiri. Ili tinayamba tathirira.

Meyi

Gawo loyamba lachita maluwa, timaluwa tofiirira. Ndinali ndi mantha kuti maluwa akumana ndi mbozi za mu Epulo zija, koma usiku wayamba kuzizira ndipo misampha ikugwira mochepa mlungu ndi mlungu. Pathumba pakugwa mbozi imodzi apa, apo palibe, ndipo zambiri ndi zazikulu, zotsala pang'ono kulowa m'dothi. Zing'onozing'ono zasowa. Ichi ndicho chizindikiro chimene ndaphunzira kuyang'ana: zing'onozing'ono zikasowa ndiye kuti mazira atsopano sakuikidwa ambiri.

Ndilembe apa moyo wa kachilomboka, chifukwa ntchito yonseyi yagona pamenepa. Gulugufe wake ndi wotuwa mofiirira, amauluka usiku. Wamkazi mmodzi amaikira mazira mazanamazana, nthawi zina kupitirira 1,000, ndipo saunjika pamodzi, amaika limodzilimodzi pa masamba anthete, pa maluwa ndi pa makoko aang'ono. Kukakhala kofunda, dzira limaswa pa masiku 3 kapena 4. Mbozi imadya milungu iwiri kapena itatu, ikufundula khungu kasanu kapena kupitirira, kenako imatsika n'kulowa m'dothi masentimita ochepa, n'kudzikuta m'chikhokho chofiirira. Pakatha milungu ngati iwiri gulugufe watsopano amatuluka. Ulendo wonsewu nthawi yotentha umangotenga mwezi umodzi ndi masiku ochepa.

Koma kachilomboka kalibe kutentha kwakekwake m'thupi, kamadalira kwa kunja. Kukazizira zonse zimachedwa: dzira limachedwa kuswa, mbozi imadya pang'onopang'ono, gulugufe sauluka kwambiri usiku wozizira. Kukatsika kufika cha m'madigiri 11 kapena 12, kukula kumangoima. Ndipo zina zimene zalowa m'dothi masiku akamafupika sizitulukanso msanga, zimagona momwemo mpaka nthaka itafundanso. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye kawirikawiri umatsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo. Miyezi iwiri imeneyo ndiyo mpata wathu. Funso la tsiku lobzala kwenikweni ndi funso lakuti makoko anthete adzapezeka mwezi uti.

Tagula kachipangizo koyezera kutentha, kosunga kuzizira kwa usiku ndi kutentha kwa masana. Kapachikidwa pamthunzi pafupi ndi thanki, ndipo mnyamata amene amagona kumundako amalemba m'kope m'mawa uliwonse.

Juni

Gawo lachitatu tabzala kumayambiriro kwa mwezi. Lachedwa kumera, ndipo litamera langokhala chinjonjonjo, osakula. Gawo loyamba makoko akudzaza, oboola ndi owerengeka. Palibe amene wagwira sipuleya.

Mkangano wabuka pa gawo lachiwiri. Lachita maluwa bwinobwino, koma maluwawo akungoyoyoka osasiya khoko. Amalume anafika Loweruka, anayenda mzere umodzi, n'kundiitana.

“Iwe mlembi, bwera udzaone mbozi zako zija unkaziikira kumbuyo. Maluwa onse pansi.”

“Amalume, tagwedezani pathumbapa muone ngati igwe ngakhale imodzi.”

Anagwedeza, panagwa maluwa ndi kangaude. Chikuyoyola maluwa ndi chisanu. Tchana amakonda nyengo yozizira pokula, koma pochita maluwa safuna kuzizira kopitirira. Kutentha kwa tsiku lonse, kuphatikiza usana ndi usiku, kukakhala pansi pa madigiri 15, ufa wa m'maluwa sugwira bwino ntchito ndipo duwa limagwa. M'kope la mnyamata uja masiku otere alimo ndithu, makamaka aja kunachita mitambo ndi kamphepo kochokera kum'mwera chakum'mawa. Ndiye kuzizira komweko kumene kwagoneka mbozi kwatilandanso maluwa oyamba. Agogo sanatekeseke. Anati tchana sachita maluwa kamodzi n'kusiya, amapitiriza kuphuka nsonga ndi maluwa ena malinga mizu ili ndi chinyezi. “Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene,” anawauza amalume. Tinathirira pang'ono, n'kudikira.

Julaye

Mwezi wa ntchito yochepa. Misampha ili gwa, mlungu wina sinagwire kanthu. Mizere ya kumunsi kwenikweni, kufupi ndi mtsinje, inapsa nsonga ndi chisanu m'mawa wina. Chaka chamawa kumeneko kudzapita kabichi.

Gawo lachiwiri layamba kugwira makoko masiku ofundirapo, monga ananenera agogo. Gawo loyamba lauma, tazula kumapeto kwa mwezi n'kuyanika pa lona. Mizere yosapopera ndi inzake sizikusiyana, poti yonse sinapoperedwe. Chimene chachepetsa zokolola kuno ndi mipata ija inasiyidwa ndi madzi a mu Malichi.

Ogasiti

Mphepo ndi fumbi, thanki ikuphwa msanga. Theka loyamba la mwezi kunalibe chachilendo. Kenako usiku unayamba kufunda, mnyamata uja anasiya kugona ndi mabulangete awiri, ndipo mlungu womwewo misampha inayamba kudzaza. Agulugufe ena ndi aja anagona m'dothi chiyambire Meyi, ena akuchokera ku tomato wothirira wa tsidya lija, amene sanasiye kubiriwira chaka chonse.

Ndinapita kukafuna mazira pa gawo lachitatu, limene tsopano lakula msanga ndipo lili mbuu ndi maluwa. Pamafunika kugwada ndi kutembenuza nsonga imodziimodzi. Dzira lake ndi laling'ono, losakwana milimita imodzi, lozungulira, loyera mwachikasu, ndipo ukaliyang'ana ndi galasi lokuzira umaona timizere totsika kuchokera pamwamba. Likatsala pang'ono kuswa limada. Pa nsonga zambiri za gawo lachitatu ndinapezapo. Pa gawo lachiwiri, limene lili pafupi pomwepo, mazira anali apo ndi apo, pa nsonga zochepa zimene zikadali zanthete. Makoko ake ambiri ayamba kale kuuma ndi kulimba, ndipo gulugufe amadziwa kusankha. Sindikuganiza kuti pali tsiku lina m'ntchito yonseyi limene linandionetsa yankho poyera chotere: mbewu imodzi, dothi limodzi, agulugufe omwewo, kusiyana msinkhu wokha.

Seputembala

Gawo lachiwiri tazula kumayambiriro kwa mwezi. Makoko a kunsonga, aja anagwira mochedwa, ena ndi oboola, koma ambiri ndi athunthu.

Gawo lachitatu ndiye nkhondo. Ku India, kumene amalima tchana wambiri kuposa dziko lina lililonse, alangizi amati mbozi imodzi pa mita imodzi ya mzere nthawi ya makoko ndi yokwana kuti mlimi achitepo kanthu. Ife muyeso umenewo tinaupitirira pafupifupi malo onse amene tinayala thumba. Ndipo si zamsinkhu umodzi ayi: mazira, zing'onozing'ono ndi zikuluzikulu zonse zilipo nthawi imodzi, kusonyeza kuti agulugufe akuikira usiku uliwonse. Kadyedwe ka yaikulu n'kokwiyitsa kukaona. Imaboola kabowo kozungulira, n'kulowetsa mutu wokha, thupi lonse lili panja, ngati mwana wonyambita mphika wa phala. Ikatha njere imasamukira pa khoko lina. Khoko la tchana limakhala ndi njere imodzi kapena ziwiri basi, ndiye bowo limodzi ndi khoko lonse latha, ndipo mbozi imodzi imatha makoko ambirimbiri isanalowe m'dothi.

Tinayamba ndi zosalira ndalama. Tinazika timitengo topingasa pamwamba kuti mbalame zizitera, ndipo nthengu sizinachedwe, zimakhala pamenepo m'mawa n'kumatsika kukatola. Ana Loweruka ankatola zikuluzikulu m'zitini n'kukapatsa nkhuku za mwini malo. Tinapopera madzi a njere za nimu zosinja, zoviika usiku wonse, magalamu 50 pa lita imodzi, tothira kasopo pang'ono. Nimu amagwetsa ulesi timbozi tating'ono ndipo amachepetsa kuikira, koma yaikulu imene mutu uli kale m'khoko saikhudza.

Titaona kuti zikupitirira, tinagula mankhwala. Wogulitsa m'sitolo ina m'tauni anafuna kutipatsa cypermethrin, poti ndi wotchipa ndipo aliyense amamudziwa. Alangizi anali atatichenjeza kale: mbozi iyi m'maiko ambiri inazolowera mankhwala a gulu limenelo, ndipo iwo amapha msanga akangaude ndi mavu amene amatithandiza. Tinatenga emamectin benzoate, tinatsatira muyeso wa pabotolo, tinapopera madzulo dzuwa litapendeka, mphepo itadekha ndi njuchi zitachoka. Zing'onozing'ono zinafa. Patatha mlungu ndi theka zina zinali zitaswa kale. Pamenepa ndi pamene munthu umaona kuti wobzala mochedwa amagula mankhwala mobwereza, osati chifukwa mankhwalawo ndi ofooka, koma chifukwa nyengo ikuswetsa mazira mofulumira kuposa mmene thumba lake lingapirire. Mizere yosapopera ija ndiye inali yomvetsa chisoni, amalume ankaidutsa atayang'ana kumbali.

Dzuwa nalonso lawonjezera zake. Tchana akamachita maluwa masana n'kumapitirira madigiri 32 kufika 35, maluwa amauma ndipo makoko ena amakhala mphwepwa. Kumapeto kwa mwezi uno masana otere ayamba. Pampu ikugwira ntchito tsiku lonse, chitsime chatsika, ndipo amayi a ndiwo zamasamba ayamba kudandaula kuti tchana akuwamwera madzi. Akunena zoona. Mbewu imene tinaisankha chifukwa chosamwa madzi, ikabzalidwa mu Juni imasanduka chidakwa.

Okutobala

Tazula gawo lachitatu mvula yoyamba isanatipeze. Kuti tisasokoneze mlandu wa mbozi ndi wa dzuwa, tinatapa makoko m'gawo lililonse (a magawo awiri oyamba tinali titasungako osapuntha) n'kuwasankha milu itatu: athunthu, oboola, ndi mphwepwa zopanda bowo. Tinakhala pamkeka kwa agogo ku Mtendere madzulo onse. Gawo loyamba, mulu wa oboola unali kadzanja chabe. Gawo lachiwiri unakulirapo pang'ono, koma mulu wa athunthu ndiwo unaposa onse, ndipo poyeza ndi meda gawo limeneli ndilo latsogola. Gawo lachitatu, ngakhale mizere yopopera, oboola ndi mphwepwa pamodzi zinatsala pang'ono kulingana ndi athunthu, ndipo njere zake ndi zazing'ono, zokwinyika. M'mizere yosapopera oboola ndiwo anachuluka.

Zimenezi zikugwirizana ndi zimene akatswiri a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu za kumadera ouma limene likulu lake lili ku Patancheru pafupi ndi Hyderabad ndipo lili ndi nthambi ku Chitedze ku Lilongwe, akhala akuphunzitsa. Ku India amabzala mu Okutobala ndi Novembala, ndipo wochedwa makoko ake amakumana ndi kufunda kwa Febuluwale ndi Malichi, pamene mbozi zimabuka. Kalendala yawo ndi yathu n'zotembenuzana, koma nkhani ndi yomweyo. Maganizo anga ndi akuti ku Ngwerere kubzala mu Juni tisiyiretu. Amalume akufuna tidzayesenso ndi mbewu yocha msanga. Ine ndikuti madzi a chitsime chimodzi sangalipire kuyesako, ndipo nkhaniyi ikagamulidwa pa msonkhano.

Zimene tagwirizana kale ndi izi. Gawo lachitatu lilimidwe mwezi uno usanathe, khasu lilowe masentimita 10, chifukwa mbozi zonse zija zinakhuta zili m'dothi momwemo ndipo zikasiyidwa zidzatulukira chimanga chathu chomwe. Kulima kumaphwanya zikhokho ndi njira zimene gulugufe amatulukira, zina n'kutoledwa ndi mbalame. Tchana wopuntha waumitsidwa ndipo walowa m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, kuopa anankafumbwe, mbewu ya chaka chamawa payokha, yochokera ku gawo lachiwiri. Alamu anga atenga meda imodzi kukaonetsa ogula ku Kamwala ndi ku Soweto Market kuti timve mtengo. Chaka chamawa tidzabzala motalikitsa milungu iwiriiwiri kuyambira kumayambiriro kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi, pa mizere yokwera, kuti tipeze pakati penipeni pa matope a Malichi ndi chisanu cha Juni. Ndipo agogo ndi amalume apita Lamlungu likubwerali kukacheza ndi mwini tomato wa tsidya lija, akamupemphe kuti azizula ndi kukwirira mitengo yakale akangomaliza kuthyola, komanso ngati angalole tikaimike msampha umodzi m'munda mwake.